Mkuyu wa Kumanda ku Lirangwe

Ntchito ndinaipeza kudzera mwa a Jafali, amene ankaswali mzikiti umodzi ndi amalume ku Chileka. Ankatsogolera gulu lofufuza zovuta pa mawaya a magetsi, ndipo ankafuna munthu wodziwa laputopu. Ine ndinali nditangotuluka kukoleji, matama ali tho.

Waya ukaduka n'kugunda chitsulo, magetsi amazima okha. Woopsa ndi waya wongokhudza nthambi: moto umadontha pang'onopang'ono, makina oteteza osamva kanthu. Yanga inali kulumikiza laputopu ku rile, kabokosi kosunga mayendedwe a magetsi, n'kuwerenga mizere yake.

Pa laini ya ku Lirangwe mzere unkanjenjemera masana mphepo ikayamba. Anzathu ankati ndi zigayo.

"Chigayo sichidikira mphepo," anatero a Jafali. "Pali mtengo penapake."

Tinayenda pholo ndi pholo ndi kamera yoona kutentha. Paliponse nthambi zinali zosadzidwa, kupatula kumanda. Mitengo ya kumanda sidulidwa wamba, ndipo mlendo salowako yekha. Tinaima kunja, kamera ikuonetsa kadontho koyera pansonga ya mkuyu.

M'mudzimo munali maliro. Eni mudzi anatipempha mwaulemu kuti tibwere akaika. A Jafali anaimba foni kuti laini izimitsidwe, koma a ku ofesi anawayankha kuti mawa. Tinachenjeza amene tinawapeza pasiwa kuti mkuyuwo asaukhudze, koma adzukulu okumba manda anali a mudzi wina, chenjezolo silinawafike.

M'bandakucha kunagwa mvula yoyamba. Mtengo wouma khungwa subweretsa moto wambiri pansi, wonyowa ndi nkhani ina. Tikufika m'mawa, tinamva kulira kwachilendo, kochokera kumanda osati kusiwa. Mdzukulu wina, potuluka m'dzenje, anagwira thunthu la mkuyu. Makasu anali mbwee, malaya ake akadali pa chitsamba pamene anawakoleka.

Tsikulo anzake anakumba dzenje lachiwiri.

Nditatsegula laputopu masana, ndinapeza pamene mzere unadumpha kamodzi, pang'ono chabe, kenako n'kupitiriza kunjenjemera monga kale. Kadumphidwe kameneko kanali munthu uja. Ndinatseka laputopu.

Mpaka lero ndikaona mzere ukugwedera, mtima umandiwawa. Sindichoka pamalo laini isanazime, kaya wina akwiye, kaya anditche wamakani. Ndimakhala pansi pa pholo n'kudikira, malaya aja ali m'maso mwanga.