Tsiku Limene Wadson Anaika Masamba Panjira

Ku Nkaya anthu okonda nyimbo alipo ambiri, koma Wadson anawonjeza. Anzake akamva nyimbo amavina n'kuiwala, pamene iye amakhala pansi, kutsinzina, n'kumagwedeza mutu ngati dzino likumuwawa. Ndi mkamwini m'mudzi wina kuseri kwa njanji, amalima chimanga ndi nandolo pamunda wa mkazi wake Modester, ndipo kwa zaka zambiri ndiye ankaimba kiyibodi m'kwaya ya Akatolika akumeneko.

Matenda ake anabwera ndi foni. Mlamu wake pochokera ku Joni anamusiyira kafoni kakale, ndipo m'katimo munali nyimbo imodzi ya azungu, ya mtundu umene eni ake amati pulogiresivu roko. Kutalika kwake, mukhoza kutsuka mbale, kupita kumjigo n'kubwerako, iyo isanafike n'pakati pomwe. Imayamba mwachifatse, kenako imathamanga, kenako imatsimphina, ndipo ukati yatha, imayambiranso kwina. Modester atangoimva anafunsa ngati foniyo inagwerapo m'madzi. Wadson anaikonda mpaka kuiwala chakudya.

Anaiphunzira yonse ndi khutu, pang'onopang'ono. Tsoka lake, zala sizisiyanitsa Lamulungu ndi Lachiwiri. Tsiku lina pa nthawi ya chopereka zalazo zinalowetsa kachigawo kotsimphina kaja, azimayi amene ankavina atasenza mphatso anasokonezeka mapazi, mmodzi n'kuswa mazira pamaso pa bambo mfumu. Komiti ya kwaya inakumana n'kugamula mwaulemu wonse kuti aWadson atopa, apumule kaye. Kiyibodi, imene ankasunga kunyumba, aibweze Loweruka.

Za udindo sanadandaule kwenikweni. Chinamupweteka n'chakuti nandolo wake sakanamugulira kiyibodi ngakhale atalima mpaka kufa, ndiye ikangopita, nyimbo ija itsalira m'mutu mwake basi, popanda munthu wokhulupirira kuti ankaitha. Anatsimikiza kuti aijambule pafoni, yonse yathunthu, Loweruka lisanakwane.

Chipinda chogona anachisandutsa situdiyo. Matiresi pawindo, mabulangete pachitseko, foni m'kapu pamwamba pa mpando. Kiyibodi inkadalira kasola kapadenga, choncho inkalira bwino masana okhaokha, ndipo foni yake sinkadziwa zolumikiza zidutswa: pakalowa phokoso, kuyambiranso. Tsono njira yopita kumsika imadutsa pakhonde pake penipeni. Akafika pabwino, wogulitsa matemba uyo akukuwa. Akayambiranso, Haruna, mnansi wake wa kabaza, uyo wadutsa ndi njinga yamoto yopanda sailensa, wailesi ili pachiwongolero. Sitima ya malasha yokha ndiyo ankaikhululukira, poti ikadutsa imatenga nthawi kuti ibwerenso. Anthu ndiwo analibe nthawi yopuma.

Pofika Lachisanu munthu anali atafiira maso. Modester analawirira ku Balaka kukagula nsalu, ana anapita kusukulu. Wadson anaima pakhomo akuyang'ana njira ija mokwiya, ndipo m'pamene nzeru inamufikira, ya mtundu uja umene umafika munthu akakhala yekha popanda womuletsa. Chimene chimatontholetsa anthu akuno n'chimodzi chokha. Anatenga chikwanje, n'kusadza nthambi za mtengo wa keshya, n'kuziyala panjira, zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi, monga timachitira pakagwa zovuta. M'maganizo mwake, anthu azidutsa mwakachetechete, iye akamaliza achotsa. Analowa m'nyumba, n'kukhoma.

Woyamba kufika anali Haruna, akuchokera kumzikiti. Ataona masamba anazimitsa njinga, n'kuzimitsa wailesi, n'kuyamba kukankha. Atayang'ana nyumba ya mnzake, chitseko chotseka, mawindo otsekedwa masanasana, anaimika njinga n'kukhala pansi pa mtengo. Wamatemba anatula dengu n'kukhala pambali pake. Mayi Judith apanyumba yoyandikana anatuluka atamanga kale chitenje ndi mpango. Iwo anali ataona Modester akupita m'mawa, anali ataonanso ana, ndiye masamu ake sanavute. Ananong'oneza mnzawo kuti za kwaya zija zawakweza BP bambo aja.

Wogogoda panalibe. Aliyense ankaganiza kuti amene waika masamba ndiye akudziwa, ndipo alengeza nthawi ikakwana. Bwalo linadzaza, abambo mbali iyi, amayi mbali iyo, Asilamu ndi Akhristu, onse chete. Wapampando wa komiti ya kwaya anafika ali wefuwefu, n'kumauza oyandikana naye kuti malemuwa anali ndi luso losowa, ndipo iye ankawanenera zabwino pamsonkhano paja.

M'katimo malemu anali pakalapakala ndi kiyibodi, ataitsitsa mawu, thukuta lili kamukamu. Chibadwire anali asanamvepo Nkaya ili duu chonchi. Anadutsa poyambira paja, anadutsa pothamanga, potsimphina anapatsimphina bwinobwino, Chingerezi chake chomwe anachiimba osapunthwa. Anafika kumapeto, pamene mawu amodzi amakhala akulira okha mpaka kuzilala, zala zili chigwirire, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba mlungu wonsewo.

Nthawi yomweyo n'kuti Modester akutsika njinga kumsewu. Anaona masamba, n'kuwatsata ndi maso mpaka pabwalo pake. Mayi Judith anamuthamangira kukamugwira. Nsalu zinagwera m'fumbi. Modester anakadziponya pachitseko.

"Bambo a Tamandani! Mwandisiya ndi yani ine? M'mawa ndachoka osakutsanzikani!"

Chitseko chinatseguka, malemu n'kutuluka atanyamula foni m'kapu. Zimene zinachitika pabwalopo anthu amakambabe mpaka lero, aliyense mwakemwake. Wamatemba anathawa kusiya dengu. Wapampando anabweza mawu ake onse, n'kulowa yekha kukanyamula kiyibodi osadikira Loweruka. Haruna anangopukusa mutu, n'kuliza njinga yake mwadala pakhonde pomwepo. Abale a Modester ananena zambiri zokhudza akamwini, ndipo palibe chimene ananama.

Bwalo litatsala lokha, Modester anali chikhalire pakhonde. Wadson ankayembekezera kutukwanidwa, ndipo akanakondwa kutukwanidwa. M'malo mwake mkaziyo anatambasula dzanja.

"Bweretsani ndimve chimene mwandiphera mwamuna."

Anamvetsera yonse, foni ili pakhutu, osadumpha ngakhale potsimphina paja. Wadson ankamuyang'ana nkhope. Itafika kumapeto, pamwamba pa mawu ozilala aja panamveka kugunda kwa chitseko, kenako kulira kwa Modester, kwaiwisi, koitana mwamuna wake. Wadson anakumva koyamba bwinobwino. Mayi amene ankamuseka tsiku ndi tsiku uja, kani ankamulira chotero.

Modester anamubwezera foni.

"Mwaimba bwino, bambo a Tamandani, sindinama. Koma pamene ndikulirapo munthu wina asapamve. Misozi imeneyo inali ya inu nokha."

Wadson anayesa kuganiza zodula kumapetoko, koma kulirako kunalowa mawu omaliza asanazilale, ndipo nyimboyo popanda mathero ake inali isanathe. Kiyibodi n'kuti ili kale kutchalitchi. Anakhala pansi pambali pa mkazi wake, n'kuyang'ana foniyo kanthawi ndithu. Foni inamufunsa ngati akutsimikizadi kuti afufute, iye n'kudina kuti inde.