Nambala Imene Bambo Anasiya mu Kakyuleta

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anamwalira, ndipo chinthu chokha chimene ndinkaopa kuti abale angatenge chinali kakyuleta yawo.

Bambo anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru. Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene sukulu zinayamba kukhala zaulere ndipo ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Kuwonkhetsa malikisi a ana onsewo pamanja kunawatopetsa, choncho anagula kakyuleta ku Lilongwe. Sinali ngati zikuluzikulu za pa desiki zimene ndinaonapo ku ofesi ya esiteti ya fodya, zowala manambala obiriwira ndi zolavula pepala. Yathuyi inali yotuwa, yokwana m'thumba la malaya, ya mabatani a labala, ndipo pamwamba pa kagalasi kake panali kasola kakang'ono kakuda. Inkanunkha choko.

Tsiku lina anandikhazika pakhonde n'kundiphunzitsa mabatani awiri. Lolembedwa M+ linkasunga nambala, ndipo ikasunga, pangodya ya kagalasi pankaoneka kachilembo ka M, kamene sikankachoka ngakhale uzimitse. Lolembedwa MRC linkabweza nambalayo.

"Ukadina kamodzi, ikukumbutsa," anatero. "Ukadina kawiri, yaiwala. Wamva, mayi?"

Anadwala nyengo ya mvula, namwalira ku chipatala cha ku Namitete. Titabwerako ku maliro kumudzi kwawo ku Nambuma, ndinapeza kakyuleta ija m'jekete lawo. Nditaiyatsa, ka M kanalipo. Ndinadina kamodzi, ndipo panatuluka nambala ya zilembo zitatu. Sindinadziwe ngati anali malikisi a mwana wina kapena chiyani. Ndinangodziwa kuti chala chawo ndicho chinaiika pamenepo, ndipo kuti ntchitoyo sanaimalize. M'mawa uliwonse ndinkapita nayo kuseri kwa nkhokwe, kudina kamodzi, kuyang'ana, n'kuzimitsa. Zinkakhala ngati bambo andiyankha moni.

Kenaka linafika tsiku logawa katundu wa malemu. Abale a bambo anabwera, nayala zonse pamphasa: njinga, wailesi, nsapato, majekete awiri. Amayi anakhala poteropo, atazolika, pakuti pa mwambo umenewo mawu sanali awo. Ine ndinaiika kakyuletayo pamphasa ndekha, chifukwa amayi anandiuza kuti kubisa chinthu cha malemu n'kuitana tsoka.

Anaitola abambo aang'ono, a Levisoni, mng'ono wawo wa bambo, munthu wansangala amene ankalima fodya ndipo sanagwirepo kakyuleta. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Kodi kamenekanso kamagwira? Achimwene ndiye anali azungu, eti!"

Anthu anaseka pang'ono, kuseka koyamba chichitikire maliro. Nditaona chala chawo chachikulu chikuyendayenda pa mabatani, ndinayenda chogwada mpaka pamapazi pawo.

"Pepani bambo, batani ilo musadine kawiri."

"Liti, mwana wanga? Ili?" Anadina, nambala inatuluka. "Kawiri chonchi?"

Anadinanso. Sanachite mwankhanza. Ankafuna kumvetsa zimene ndinkanena kuti asalakwitse. Ka M kanazimirira, pakagalasi panatsala ziro.

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Azakhali anga anadabwa, ena nayamba kunong'ona kuti mwina mzimu wa malemu wamugwira mwanayu. A Levisoni anaiyang'ana kakyuletayo mwamantha, naiika m'manja mwanga msangamsanga.

"Tenga, ndi kako. Ine sindikafuna m'nyumba mwanga."

Motero ndinapatsidwa chimene ndinkafuna, koma chopanda kanthu m'kati.

Alendo atachoka, amayi anandiitana kukhitchini. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Nambalayo inali chiyani? Tandiuza, tiilembe."

Ndinkakumbukira kuti munali 6, munali 8, munalinso 1, koma ndondomeko yake inandithawa. Nambala imene ndinaiyang'ana m'mawa uliwonse sindinaisunge m'mutu, chifukwa ndinkadziwa kuti kakyuleta ikundisungira.

"Ukaikiza mwana kwa mnansi, uzikamuonabe," anatero amayi, n'kupitiriza kusonkha moto.

Ndaphunzira masamu mpaka ku yunivesite, ndipo lero ndikudziwa bwino lomwe kuti m'kati mwa kachipangizo kaja munalibe mzimu, koma kamphamvu kochepa ka magetsi kamene kankagwirizira nambalayo. Komabe kudziwa zimenezi sikunandimasule. Nthawi zina ndili mu minibasi ndimapezeka ndikusinthasintha zilembo zitatu zija, kuyembekeza kuti ndondomeko ina indigunda mtima. Palibe imene imatero.

Kakyuletayo ndikadali nayo, ngakhale kagalasi kake kanada kalekale. Ndinatenga zaka zambiri ndisanaone chimene chinali poyera kuyambira pachiyambi: batani lowonkhetsera ndi losalala kuposa ena onse, chizindikiro chake chinafufutika, ndipo pakati pake ndi polowa pang'ono, pamene chala cha bambo chinkagunda powonkhetsa malikisi a ana a eni. Ndinkawafuna bambo mu nambala imene sindinkaimvetsa, pamene iwo anatsala pa labala. Ndikaika chala changa pamenepo, chimakwana. Ndimadina kamodzi kokha.