Usiku Umodzi wa Achimwene M'nyumba Yawo

Ndinadzuka kusanache chifukwa madzi ankandilowa m'khutu. Ndinali nditagona pakhonde la nyumba ya ku Highfield, mutu pa njerwa, miyendo kumoto umene mvula inali itazimitsa kale. Achimwene anga anali m'kati, pabalaza, pouma, azimayi akuwaimbira nyimbo. Anali m'bokosi, inde, koma anali m'kati. Ngakhale tsiku limenelo malo abwino anapeza ndi iwo.

Nyumbayo inali yawo, ndipo umenewo unali usiku wawo woyamba kugonamo. Malume athu anali mesenjala wa loya wina m'tauni, ndipo anakwanitsa kugula nyumba pamene ena tonsefe tinkakhala m'nyumba za khonsolo. Analibe mwana. Kwathu chuma cha malume chimapita kwa mwana wa mlongo wawo, koma malume anali ataona amasiye ambiri akuponyeredwa mapoto pamsewu ndi ana a alongo omwewo. Ndiye anatengera nzeru ya abwana awo. Analembetsa kuti nyumba ndi ya achimwene, koma akazi awo, amene timawatchula kuti azakhali, akhalemo mpaka imfa yawo popanda wowasuntha. Achimwene akadzatsogola, nyumba ipite kwa mwana wawo. Dzina langa silinalembedwe paliponse. Malume ankati ndimaseka kwambiri.

Nthawi imeneyo dokotala anali atanena kuti mtima wa azakhali sufika dzinja lachiwiri. Malume anamwalira. Dokotala uja anamwalira. Loya analongedza n'kupita ku Joni, ndipo tinamva kuti nayenso anamwalira. Azakhali anatsala. Mayi ameneyu anabwera wapansi kuchokera ku Tete ali mtsikana, ndipo lole ya ulere imene ananyamukira nayo limodzi inawapeza kuno kwa Achishona atachapa kale zovala. Mpaka lero amasenda nzimbe ndi mano awoawo. Ndikulumbira pali malemu amayi.

Achimwene anadikira osadandaula, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandinyansa. Ankagwira ntchito kufakitale ku Msasa, n'kumakhala ku Mabvuku ndi mlamu ndi kamwana kawo kakakazi. Lamlungu lililonse ankadutsa tauni yonse kudzapenta zitseko ndi kukonza mpanda wa nyumba imene sankagonamo. Azakhali ankawaphera nkhuku n'kuwapatsa nthutumba, ija timapatsa mwini khomo. Ine ndikatsagana nawo ndinkalandira khosi. Ndadya makosi ambiri pakhomo limenelo moti ndimatha kuona kumbuyo kwanga osatembenuza mapewa. Kenako ndinkabwerera kuhositelo pafupi ndi Musika, msika waukulu wa tauniyi, kubedi langa la pamwamba, kumene munthu akayetsemula amapepesa chipinda chonse.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inawapeza achimwene padenga akumata mng'alu. Anakana kutsika. Chibayo chinawatenga Lamlungu lina lisanakwane, ndipo makwerero awo anali akadali chiimire pakhoma tsiku la maliro. Kale tikanawatengera kumudzi, koma msewu wa ku Tete unali utatsekedwa ndi nkhondo. Akuluakulu a sosaite yathu ya maliro ankafuna kuti thupi likagone ku Mabvuku. Azakhali anakana.

"Munthu amatulukira pakhomo pake," anatero. "Bwerani naye kuno."

Kutayamba kuyera, amayi a mipango yoyera anakoleza moto pansi pa malata kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkayenda chokwawa. Tiyi ankamuwiritsa mumgolo. Anthu anayamba kufika: anzawo a ku Msasa atavala maovolosi, anansi Achishona akuwomba m'manja n'kunena kuti nematambudziko, kupepesa maliro kwa kwawo, anthu a ku Tete ogulitsa pa Musika atasenza matumba a kabichi. Galimoto ya apolisi inadutsa pang'onopang'ono, poti masiku amenewo anthu akachuluka pamalo amodzi ankati ndi msonkhano. Wapolisi mmodzi anatsika, anasuzumira mumgolo wa tiyi, ndipo atapeza kuti mulibe ndale anamwako kapu n'kumapita.

Aliyense wofika ankalira kaye, kenako n'kuyang'ana nyumba. Ankayang'ana mawindo a magalasi, mpope wa pabwalo, mtengo wa mapichesi. Bambo wina ndinamuona akuyeza khoma ndi mapazi uku akupukuta misozi. Popepesa azakhali, onse ankafunsa za m'thupi mwawo mwachidwi choposa cha kuchipatala. Nthawi ina utsi unawalowa azakhaliwo pakhosi ndipo anatsokomola kamodzi. Bwalo lonse linati zii. Nyimbo inaima pakati pa liwu, khanda linasiya bere. Ine sindinamvetsere, khutu langa linangotembenuka lokha. Azakhali analavula, ananyamula ndowa yodzaza madzi imene amuna awiri ankakanganirana, n'kuiika pamutu. Nyimbo inapitirira pamene inalekera.

Ine ndinali ndi maganizo anga. Zimene pepala la malume linkanena ndinkazidziwa, panalibe amene sankazidziwa. Koma pepalalo linali la azungu, ndipo azungu anali kalikiliki kulongedza masutikesi. Mwambo wathu sunkapita kulikonse, ndipo mwambo umati mkulu akagwa mng'ono amalowa m'malo mwake. Choncho ndinagwira ntchito tsiku limenelo. Ndinawaza nkhuni pansi pa windo la azakhali. Ndinanyamula mabenchi podutsa pomwe anakhala. Kulira ndinalira zenizeni, kungoti malo olirira ndinkasankha.

Mvula inabweranso dzuwa litakwera. Mng'alu uja unali pamwamba penipeni pa bokosi, ndipo madzi anayamba kudontha pachivundikiro. Azakhali anatenga beseni lawo loyera n'kuliika pamenepo. Mlaliki analalikira, beseni likumuyankha kuti to, to, to. Pa nthawi yoona nkhope ndinalowa pamzere ndi anzanga. Anali atawaveka suti ya ukwati, manja atawapinda pachifuwa. M'zikhadabo zawo munali mukadali penti wobiriwira wa chitseko cha kukhitchini. Pamenepo ndinalira kutali ndi windo lililonse, ndipo sindikumbuka amene ananditulutsa.

Masiku amenewo petulo sankagulitsidwa popanda makuponi. A sosaite anali atapemphetsa makuponi kwa aliyense wodziwana ndi mwini galimoto, ndipo munthu wina wa ku Tete anabwereketsa lole yake ya kabichi. Bokosi analitulutsira pakhomo la kutsogolo, mapazi patsogolo. Achimwene anadutsa pansi pa mapichesi amene anadzala okha, anadutsa makwerero awo, n'kutuluka pageti limene anakhoma okha. Tinakwera tonse amene tinakwana, ena anatsatira pa njinga.

Panjira tinapeza apolisi atatseka msewu ndi migolo. Anati bokosi litsegulidwe, poti ankamva kuti mfuti zimayenda m'mabokosi a maliro. Tinatsegula. Wapolisi wachinyamata anasuzumira, ndipo atakweza maso anakumana ndi a azakhali. Azakhali anangomuyang'ana. Mnyamatayo anavula chipewa, anathandiza kutseka bokosi, ndipo anakankha migolo yekha mpaka wina unagwera m'ngalande.

Petulo anathera pachitunda, manda akuoneka patali. Amuna tinatsika n'kuyamba kukankha m'matope. Azakhali nawonso anatsika, anamanga nsalu m'chiuno n'kuuyamba wapansi. Titafika nayo lole, tinawapeza atakhala pamwala, atauza kale adzukulu kuti dzenje lapendekeka. Amene akukayika akafunse mwini lole.

Adzukulu athu salemekeza munthu pamanda, ndi ntchito yawo. Mmodzi anatsamira fosholo n'kunena kuti, "Agogo, tikumbiretu lanu pompano tikadali ndi matope m'miyendo?"

"Kumba, mwanawe," anayankha azakhali. "Koma uyeze msinkhu wako."

Anthu anaseka, ngakhale mlamu anabisa nkhope m'nsalu. Tinatsitsa bokosi ndi zingwe, dothi lofiira likumatirira kumafosholo. Ndili chiimire pamenepo ndinaganizira za nzeru ya malume ija. Ndi nzeru yabwino kwa woilemba, poti amafa aliyense akumuyamika. Ndi yabwino kwa wokhalamo, poti palibe womuponyera mapoto pamsewu. Koma wodikira amasanduka munthu amene chuma chake chili kuseri kwa maliro a munthu amene amamuphikira nkhuku. Achimwene anathana nazo pongowakonda azakhali n'kuiwala kudikira. Si tonse tili ndi mphatso imeneyo. Ndinaonanso kuti manda awo anali kumtunda, kosafika madzi, koyang'ana tauni yonse. Nyumba yachiwiri, ine ndisanapeze ngakhale yoyamba.

Titabwerera tinasamba m'manja pageti. Akuluakulu anati nkhani ikambidwe masana omwewo, poti palibe amene ankafuna kuti mdima umupeze pamsewu. Tinakhala pabalaza, pomwe panali bokosi. Mkulu wa sosaite ananena kuti nyumba ya ku Mabvuku inkayendera ntchito ya malemu, ndipo khonsolo iifuna mwezi usanathe. Kenako anafika pamene ndinkadikira.

"Kwathu," anatero, "mkulu akagwa, mng'ono amalowa m'malo."

Ndinayang'ana pansi modzichepetsa. Pansipo ndinali ndikusankha poika bedi.

"Alowe ndithu," anatero azakhali. "Ndani wakana? Asamale mwana, asamale mlamu wake, asamale khomo lino monga ankachitira mkulu wake."

"Nanga nyumba, mayi?"

"Nyumba amuna anga analemba. Ndi ya uyu." Analoza kamwana ka achimwene, kamene kanali kakugwedeza dzino ndi lilime. "Ine ndikadzafa."

Mawu omalizawo anawanena monga mmene munthu amanenera kuti tsiku lina adzapita ku Ulaya. Akuluakulu anagwedeza mitu, onse okhutira kuti pepala lalemekezedwa ndipo mwambo walemekezedwanso. Pepala linatenga nyumba, mwambo unatenga ine. Mlamu ndi mwana anapatsidwa chipinda cha kumbuyo, chija chimene ndinali nditachiyeza ndi maso kuyambira ndili mnyamata. Mlamu anagwada n'kugwira mapazi a azakhali, ndipo kunena zoona ndinaona mapewa ake akutsika koyamba chimwalirire amuna ake.

Madzulo anthu onse anali atapita. Azimayi anali atasesa phulusa, mabenchi atabwerera kutchalitchi. M'nyumba munkanunkha utsi ndi makandulo. Tinatsala anayi: azakhali, mlamu, mwana ndi ine. Azakhali anapha nkhuku, anati sangagone ndi kabichi m'mimba. Tinakhala patebulo. Azakhali anavundukula mphika, anafufuza ndi chipande, n'kutulutsa nthutumba. Anaiimika m'mwamba nthawi yaitali. Mbale yanga inasendera yokha kutsogolo, sindinaikhudze. Nthutumba inadutsa pamwamba pake n'kutera m'mbale ya mwana.

Kamwanako kanaiyang'ana, kanaibaya ndi chala, n'kuikankhira m'mphepete.

"Sindiikonda," kanatero. "Ndi yolimba."

Azakhali anaitola n'kuidya okha, ndi mano onse aja. Ine anandiikira khosi.

Kunja mvula inayambiranso. Beseni linali likadali pakati pa balaza, ndipo posakhalitsa linayamba kuyankhula: to, to, to. Azakhali anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana ine.

"Lamlungu ubwere m'mawa," anatero. "Makwerero usavutike kuwalowetsa."