Nyanja ya a Zakeyu

Ndikukumbukira chaka chimene a Zakeyu anatibweretsera nyanja yamchere kwathu kwa Mavwere. Ndinali sitandade 5, ndipo madzi ochuluka amene ndinali nditawaonapo anali a kamtsinje ka m'dambo la kumunsi kwa mudzi, kumene amayi anali ndi dimba. Magetsi ndinkangowaona tikapita kuchipatala kuboma. Kunyumba tinkayatsa koloboyi, ndipo m'mawa tikamina m'mphuno munkatuluka mwaye.

A Zakeyu anali mkamwini. Anakwatira amayi aang'ono, a Edina, atangobwera kuchokera ku Beira kumene ankati ankagwira ntchito padoko. Ntchito yakeyo sitinaidziwe bwinobwino. Lero anene kuti ankakonza injini za sitima, mawa anene kuti ankayang'anira katundu, koma manja awo anali osalala kuposa a aphunzitsi athu. Ankavala jekete yachikopa ngakhale dzuwa liswe mtengo, thukuta lili kamukamu, ndipo m'thumba la malaya munkasuzumira kasikuludiraiva kofiira kamene sitinawaonepo akumasulira nako kanthu. Khasu ankati limawapweteka msana. Akamwini anzawo akalawirira kunazale ya fodya, iwo ankakakhala pamthunzi wa chigafa cha amalume n'kumaphunzitsa anthu za nyanja.

Kulankhula kokha ankakutha, pamenepo sindingawanamizire. Ankati nyanja yamchere imapuma ngati munthu. Madzi amabwera mpaka kumiza mchenga wonse, kenako amabwerera kutali, maboti n'kutsala atagona pamatope ngati nkhumba, ndipo amatero tsiku lililonse chifukwa mwezi ndi umene umawakoka. Kumayiko ena, ankatero, anthu anamanga khoma pamene mtsinje umathira m'nyanja, n'kuikapo zipata ndi makina ozungulira. Madzi akamalowa makina azungulira, akamatuluka azunguliranso, magetsi n'kumangobwera. Safuna dizilo, satulutsa utsi, sadikiranso mvula ngati a mu Shire amene tinkamva pawailesi kuti azima chifukwa madzi achepa.

"Mwezi sunyanyala ntchito, alamu," ankawauza amalume, ndipo amalume ankagwedeza mutu ngati anapitako limodzi.

Amayi ankamvera chapatali akusenda mtedza. Tsiku lina anafunsa osadzutsa nkhope. "Alamu, ngati zili zabwino chomwecho, ku Beira kwanuko anamanga?"

"Kumeneko vuto ndi mchere, alamu. Umadya chitsulo ngati chiswe. Khoma lake limafunanso boma lolemera, ndiye asodzi amalira kuti nsomba zikusowa podutsa. Koma kuno mchere tilibe, asodzi tilibe. Tawaposa!"

Amuna anaseka mokondwa. Panalibe amene anakumbukira kuti nyanjanso tilibe.

Nyanjayo anaganiza zoipanga okha. Kumtunda pang'ono kwa madimba kunali malo amene kamtsinje kankapanikizika pakati pa zulu ziwiri. Pamenepo ndi pamene amuna akuluakulu a ndevu zawo, amene akazi awo ankalephera kuwatuma ngakhale kukazika mpanda wa bafa, anayamba kulawirira kukadzaza mchenga m'matumba a feteleza. A Zakeyu ankaima pamwamba pa chulu, jekete ili m'thupi, akuloza ndi kasikuludiraiva kaja. Chipata cha madzi chinali chitseko cha khitchini ya amayi aang'ono, chimene anachizula iwo ali kuchigayo. Makina ozungulira anali mkombero wa njinga womangirira zitini zodula pakati, ndipo pambali pake anakhomerapo dayinamo ya njinga ya amalume. Akatseka chipata, ankati nyanja ikudzaza. Akatsegula, ankati nyanja ikuphwa. Mwezi unali a Zakeyuwo.

Dimba lathu linali loyamba kumunsi kwa khomalo. Munali chimanga chimene amayi anabzala nthawi yachisanu, kuti chitiolotse miyezi ija nkhokwe imakhala itayera. Atangotseka chipata, madzi a m'kamtsinje anasanduka kaulusi, kenako anaduka. Zitsime za m'dimba zinatsika mpaka keni inkangokanda matope. Ine ndi amayi tinayamba kukatunga kuseri kwa khoma, ndowa pamutu, kukwera chulu n'kutsikanso, khosi likuwawa mpaka m'mano. Milamba inafera m'matope ong'ambika, ndipo dambo lonse linkanunkha moti agalu okha ndi amene anaona ubwino wa chitukukocho.

Tsiku loyatsa magetsi linali Lamulungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi. Anabwera ndi a m'midzi yoyandikana nayo, ena atanyamula mipando. Babu linali la tochi, lomangirira pansungwi. A Zakeyu analankhula kaye mawu ambiri, kenako analamula kuti chitseko chikwezedwe. Madzi anatuluka ndi mkokomo, odera ngati thobwa, zitini zinayamba kugogoda, mkombero n'kuzungulira. Ife ana tinakuwa. Koma babu silinkaoneka kuti layaka, chifukwa dzuwa linali pamutu. Amalume anavula chipewa chawo n'kulivindikira, ndipo amuna anafola mzere, aliyense kuwerama n'kusuzumira m'chipewamo. Amene waona ankadzuka akupukusa mutu, ati zoonadi. Ine ndinalowerera pakati pa miyendo ya akuluakulu ndipo ndinaona: kawaya ka m'kati mwa babu kanali katafiira ngati kumapeto kwa ndudu. Isanakwane nthawi yoti azimayi asuzumireko, madzi anatha, mkombero unaima.

"Nyanja yaphwa," analengeza a Zakeyu. "Ngakhale kwa azungu zimatero. Tidikire idzazenso."

Kudzaza kwake kunkatenga masiku, chifukwa kamtsinje ka mu Okutobala n'kofooka. Chimanga chathu chinayamba kupota masamba chitangobereka. Amayi anapita kwa amalume, poti ndiwo anali mwini mbumba, ine ndili pambuyo pawo.

"Achimwene, auzeni alamu anuwa atsegule madzi. Ana awa adzadya babu?"

Koma amalume anali atalonjezedwa kuti waya woyamba udzapita kunyumba kwawo, ndipo anali atakhoma kale msomali pamtanda wa denga poti adzapachikepo babulo. Anati chitukuko chimafuna kupirira, ndipo nkhani za makina azimayi asamazilowerere. A Zakeyu atamva za dandaulolo anapeza yankho: khoma lachepa. Likatalika, madzi achuluka, magetsi akhalitsa. Amuna anawonjezera matumba mpaka khoma linapitirira mutu wa munthu. Amayi aang'ono ankabwera kudzatithandiza kutunga, mimba itayamba kuoneka, maso ali pansi.

Chimanga chinapulumuka ndi ndowa zathu. Chinali chitatsala pang'ono kukhwima pamene mvula yoyamba yeniyeni inagwa, masana ena, yamatalala, mpaka fungo la fumbi linalowa m'nyumba. Itakata tinamva chiphokoso kudambo ngati lole ikukhuthula miyala. Tinathamangira komweko. Khoma kunalibe. Madzi onse a nyanja ya a Zakeyu, pamodzi ndi mchenga wa m'matumba aja, anali atadutsa m'dimba mwathu. Chimanga chinagona chonse kuloza kumunsi, china chitakwiririka, ngaiyaye zokha zikuonekera. Matumba ong'ambika anali atakoleka m'mabango, ndipo mkombero tinaupeza m'dimba la eni ake, utapindika. Amayi sanalire. Analowa m'matopemo mpaka m'mawondo n'kuyamba kufukula zisononkho ndi manja, ine ndikulandira m'chitenje. Zambiri zinali zodzaza mchenga moti ngakhale titazitsuka zinkalira m'mano.

A Zakeyu anafika mochedwa, atakwinya thalauza kuti lisade. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti cholakwika chinali matumba, ntchito ngati imeneyi imafuna simenti, ndipo simenti yabwino ili ku Chipata. M'mawa mwake anakwera njinga ya amalume, yopanda dayinamo ija, ulendo wa kumalire. Simentiyo mpaka lero sinafike, njinganso chimodzimodzi.

Chaka chimenecho tinadya mango ophika ndi phala la gaga, ndipo amayi ankakagwira ganyu kuesiteti ya fodya kuti tione ufa. Amayi aang'ono anabereka mwana wamkazi, khomo la khitchini yawo litatsekedwa ndi chiguduli. Amuna amene anasenza mchenga aja onse anasanduka anzeru. Aliyense ankati iye anaona kuyambira pachiyambi kuti munthuyo ndi wabodza, anangopitako kuti akaonetsetse.

Masiku ano kwa Mavwere kwasintha. Pamadenga, ngakhale a udzu, pali timasola togula kuboma kapena ku Chipata, ndipo ana amawerenga ndi nyali zotchaja popanda wotseka mtsinje wa mnzake. Amayi aang'ono ali ndi sola yaikulu ndi batire, anthu amadzatchajitsa mafoni pakhonde pawo. Ine wokhala m'tauni, wa waya ndi mita, ndi amene ndimakhalira kudandaula kuti azimitsanso. Anthu a majekete okha sanathe. Amangobwera pagalimoto tsopano, ndi zokuzira mawu, ndipo amuna akwathu amawanyamulirabe mipando.

Nditayamba bizinesi ya nsalu ndinakafika ku Beira, ndipo nyanjayo ndinaiona ndi maso anga. M'mawa madzi anali kutali, maboti atagonadi pamatope, ndipo pofika masana anali atabwerera mwakachetechete, ochuluka moti ndinachita mantha. Mphamvu imeneyo ilipodi, ndipo amene ali ndi gombe, chuma ndi nzeru zosamalira asodzi awo akhoza kuigwiritsa ntchito. Zinandiwawa kuti pa zonse zimene munthu uja ananena, bodza linali iye yekha.

Nditabwerako ndinakawauza amayi, amene tsopano maso ayamba kuchita mdima. Ndinati, "Amayi, nyanja ija ndi zoona. Imapita n'kubweranso."

Iwo anafunsa, "Ikamabweranso imabwera ndi chimanga changa?"