A Manzere ndi Galimoto Yosatuluka Pageti

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anthu amawatchula kuti a Manzere. Sikuti amalemba kapena kudya ndi dzanja lamanzere ayi. Dzinalo linachokera ku phazi. Poyendetsa galimoto ya magiya, phazi lamanzere ndilo limaponda klatchi, ndipo anzawo ankati phazi la munthu ameneyu lili ndi makutu, limamva chimene injini ikufuna isanapemphe. Nsapato yawo ya kumanzere inkatha ya kumanja ikadali yatsopano, moti achemwali ankadandaula kuti anakwatiwa ndi munthu wofunika kumugulira nsapato imodziimodzi.

Ankagwira ntchito pakampani yogulitsa magalimoto aliwiro, aja afupiafupi ngati akukwawa, a mipando iwiri, olira ngati chilombo. Galimoto ikafika, oyamba kuiyesa anali iwo. Ikagulidwa, ankaiperekeza kwa mwini wake n'kukhala akumuphunzitsa kwa masabata angapo, chifukwa olemera ambiri ankagula chinthu chimene sankatha ngakhale kuchisuntha pamalo. Klatchi ya magalimoto amenewo inali yolimba komanso yosachedwa kupsa mtima. Ukaisiya msanga, galimoto izima. Ukachedwa nayo, inunkha chopserera.

Ine ndine telala, chiwongolero sindinachigwirepo. Akabwera kushopu kwanga kudzapinditsa thalauza, ankaima pakhomo n'kumayang'ana phazi langa likupalasa makina osokera.

"Mlamu, tonsefe timadyera mapazi," ankatero, "koma iwe giya yako ndi imodzi yokha. N'chifukwa chake tsiku lonse umapalasa koma sufika kulikonse."

Panja anali munthu wanthabwala choncho. Kunyumba nthabwala zinkachepa. Mwana wawo woyamba atakula, anamutenga kukamuphunzitsa kuyendetsa pa galimoto yakale ya mnzawo. Galimoto ikazima, ankamukhoma chibakera pabondo. Tsiku lina mwanayo anabwerako bondo litatupa, n'kuuza mayi ake kuti bola kuyenda pansi moyo wake wonse. Anakaphunzira kwina patapita zaka, kwa anthu achilendo, ndipo iye ndi bambo ake ankangopatsana moni ngati anthu okumana pamzere kuchipatala.

Mwa ogula onse panali mmodzi amene a Manzere ankakonda kumusimba. Anali mwini mahotela, bambo wamfupi, wolankhula motsitsa mawu. Anapsereza maklatchi awiri chaka chisanathe. Akati anyamuke, galimoto inkadumphadumpha kenako n'kuzima, iye thukuta lili kamukamu. A Manzere anamupatsa dzina lakuti Chule, ndipo ankamuyerekezera kugalaja, akudumpha ndi mpando womwe, amakaniko n'kumagwira nthiti ndi kuseka. Ankaiwala kuti pagalaja pamadutsa anthu ambiri, ndipo aliyense amapita ndi makutu ake.

Kenako kunayamba kubwera magalimoto a otomatiki. Sanali aja aulesi akale, olingalira kaye asanasinthe giya. Awa anali ndi timapiko tiwiri kuseri kwa chiwongolero: ukakhudza ndi chala, giya yalowa usanaphethire, ndipo ukapanda kukhudza, galimoto imadzisinthira yokha. Pansi panali zopondera ziwiri basi, moto ndi buleki. A Manzere atasuzumiramo koyamba, anatembenukira kwa abwana awo, mwini kampaniyo.

"Bwana, iyi yabwera yolumala kapena? Mwendo wina uli kuti?"

"Ndi zimene anthu akufuna masiku ano," abwanawo anayankha. "Ndipo akuti imasintha magiya msanga kuposa munthu aliyense."

"Amene akunena zimenezowo sanandione ine."

Mawu amenewa anawabwereza paliponse, kumowa, kumaliro, kushopu kwanga. Ankati otomatiki ndi ya anthu ofuna kunyamulidwa ngati katundu, ndipo munthu woyendetsa ndi phazi limodzi asamadzitchule dalaivala. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Woyamba kugula galimoto yatsopanoyo anali Chule. Patapita mwezi anabwera kukampani, n'kupempha mwaulemu kuti ayesane liwiro ndi mphunzitsi wake wakale. Kunja kwa tauni kunali bwalo la ndege lomwe linasiya kugwira ntchito, kumene eni magalimoto otere ankakumana Lamlungu masana. Abwana anavomera msangamsanga. Anapatsa a Manzere galimoto ya magiya yamphamvu kuposa zonse zimene zinatsala m'sitolo. Ndinazindikira pambuyo pake kuti kwa abwanawo, tsikulo linali lotsatsa malonda.

A Manzere anatiitana tonse. Ine anandisoketsa malaya oyera atsopano. Achemwali anavala ngati akupita kuukwati. Ngakhale mwana wawo uja anabwera, n'kuima patali, manja ali m'thumba.

Za magalimoto sindidziwa, koma makutu ndili nawo. Mbendera itatsika, galimoto ya alamu inkalira, kupuma pang'ono, kuliranso, ndipo kupumako kunali kwakufupi moti makaniko amene anaima pafupi nane anapukusa mutu n'kunena kuti, "Sanalakwitse paliponse mkuluyu." Koma ya Chule sinkapuma n'komwe. Inkangolira kumodzi ngati nsalu ikung'ambika. Pofika kumapeto, pakati pawo panali mpata woti basi n'kuimapo.

A Manzere anapempha kuti abwereze. Anabwereza, ndipo mpata unakula. Pobwerera, Chule anali atatsitsa galasi, chigongono chili panja, dzanja limodzi pachiwongolero. Anaima pafupi ndi alamu, anthu onse atazungulira, n'kulankhula ndi mawu ake otsika aja.

"Musadandaule, aphunzitsi. Achule timadumpha patali."

Anthu anaseka, ndi amakaniko omwe aja. Mlungu umenewo abwana anagulitsa magalimoto a otomatiki angapo. Ife tinabwerera pa minibasi, malaya oyera aja atamata pamsana pa alamu ndi thukuta. Titatsika, achemwali anayesa kuwagwira dzanja, iwo n'kulikutumula.

Ntchito yawo sinathe tsiku limodzi, inkangofota. Ogula sankafunanso wowaphunzitsa. Munthu ankasaina mapepala, kulowa m'galimoto, n'kumapita. A Manzere anayamba kutumidwa kusuntha magalimoto pabwalo, kuchotsa iyi apa, kuika iyo apo, ndipo nthawi zina kugwira paipi pamene otsuka achepa. Abwana anawauza kuti aphunzire kuonetsa ogula mabatani ndi timapiko tija, azivala tayi. Iwo anakana, ati sangaime pamaso pa anthu n'kumayamikira chinthu chimene chinawavula. Abwana sanakangane nawo. Anawathokoza chifukwa cha zaka zawo zonse, anawapatsa wotchi yapakhoma, n'kuwatsanzika.

Anayesa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Ophunzira ankafika n'kufunsa ngati pali ya otomatiki, ndipo amene ankalolera ya magiya ankathawa pakamwa pa mphunzitsiyo. Sanakhalitseko. Anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde. Achemwali ndiwo anayamba kudzuka m'mamawa kukagulitsa zovala pamsika, akumabwera miyendo itatupa n'kupeza bambo atakhala pomwe anawasiya, akudandaula kuti tiyi wazizira. Bondo lamanzere nalo linayamba kuvuta. Mwana wawo, amene tsopano ankayendetsa galimoto ya kampani ina, ya otomatiki, ankabwera kudzawatenga kupita nawo kuchipatala. Iwo ankakhala kumbuyo, nkhope ili kuwindo, ngati awagwira apolisi.

Zaka zinapita choncho. Ndiye tsiku lina pakhomo panaima galimoto yaitali yakuda, dalaivala n'kunena kuti abwana ake, mwini mahotela, akufuna a Manzere.

Zinapezeka kuti mphepo inatembenuka pakati pa olemera. Popeza magalimoto a magiya anali atasowa, anasanduka chinthu chonyaditsa, ngati chithunzi chodula chopachika pakhoma. Chule anagula imodzi, yofiira, ya mtundu womwe uja umene unkamutulutsa thukuta, ndipo anaimangira chipinda cha magalasi pambali pa nyumba yake. Koma panyumba ponsepo, dalaivala, ana, iye mwini, panalibe wodziwa kuisuntha. Galimoto yongokhala imawonongeka, choncho ankafuna munthu woti azibwera Loweruka lililonse, kuiliza, kuiyendetsa mpaka pageti, n'kuibweza chafutambuyo.

Achemwali anati asapite. Anati munthu amene anakuseka pagulu sakuitanira zabwino. Koma alamu anasita thalauza okha, chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni, n'kupita.

Anayamba kuoneka amoyo. Lachisanu ankameta ndevu, n'kupaka bondo mankhwala. Koma kuchokera kuchipinda cha magalasi kukafika pageti panali pafupi, moti galimoto sinkafika ngakhale pa giya yachitatu. Anapempha kangapo kuti aitulutseko kumsewu, ingotambasula miyendo. Chule ankayankha akumwetulira kuti ikayenda kwambiri mtengo wake utsika, komanso kunja kuli fumbi ndi timiyala.

Ndinadzionera ndekha tsiku lina. Chule anaitanitsa ovololo yofiira yoti alamu azivala, yofanana ndi galimotoyo, ndipo iwo anandipatsa ine ntchito yoisoka. Nditapita kukaipereka ndinapeza kuli phwando. Alendo anali atadzaza m'chipinda cha magalasi, matambula ali m'manja. Alamu anavala ovololo ija kuseri, Chule n'kuwaitana.

"Awa ndi akatswiri akale, otsala ochepa," anauza alendowo. "Aphunzitsi, taonetsani anthu mmene munkachitira."

Injini sanailize, poopa utsi m'chipindamo. Alamu anakhala pampando, galimoto ili zii, n'kuyamba kuponda klatchi ndi kusintha magiya, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza, n'kubwerera. Dzanja ndi phazi zinkayenderana ngati kale. Alendo anatulutsa mafoni n'kumajambula. Mayi wina anapempha kuti abwereze chifukwa foni yake inachedwa. Anabwereza. Wina anafunsa ngati anthu ankachitadi zonsezi galimoto ikuyenda, n'kuseka kuti makolo athu ankavutika. Kenako anaitanidwa ku chakudya, onse n'kutuluka, alamu n'kutsala m'galimotomo.

Ndinayandikira pawindo. "Alamu, tiyeni tizipita."

"Pita iwe. Ndipukute kaye zala zawozi pagalasi."

Sanandiyang'ane. Pakhomo pa achemwali nkhani imeneyi sindinainene, ndipo iwonso sanainene.

Anapitiriza kupitako mpaka tsiku limene anapeza lole itaima pabwalo. Chule anali atagulitsa galimotoyo kwa munthu wakunja. Alamu anaganiza kuti awaitanira kuti aikweze palole, ndipo anali atatambasula kale dzanja kuti alandire kiyi. Koma anthu a loleyo anati mwini watsopano walamula kuti injini isalizidwe. Anaikoka ndi chingwe cha makina, pang'onopang'ono. Ntchito ya alamu inali kuyenda m'mbali, dzanja atalowetsa pawindo, akuwongola matayala. Galimotoyo inatuluka pageti itafundidwa nsalu, ili pamsana pa inzake.

Palibe anawauza chilichonse, choncho Loweruka lotsatira anapitanso. Mlonda sanatsegule geti. Analankhulira pakabowo kuti abwana ali kunja, ndipo anasiya mawu akuti ovololo ija akhoza kuisunga.

Lero a Manzere ali pakhonde pomwe paja. Laisensi yawo inatha ndipo anakana kukaikonzetsa. Mwana wawo anawapezera malo pakampani pake, oyendetsa kagalimoto ka otomatiki konyamula makalata m'tauni, ntchito yopepuka yoti bondo silingavutike nayo. Anangomuyang'ana mpaka mwanayo anadzuka yekha n'kumapita. Achemwali anasiya kuwanyengerera. Amawaikira chakudya patebulo n'kukakhala kukhitchini ndi wailesi.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona, ndipo ndinalimba mtima.

"Alamu, munthu wa luso ngati inu, otomatiki ingakuvuteni? Tsiku limodzi lokha mwaphunzira."

Anayang'ana magalimoto odutsa mumsewu.

"Kuphunzira chiyani, mlamu? Mulibe choti munthu aphunzire mmenemo. Chikanakhala chovuta ndikanapirira."

Anandifunsa ngati kushopu kukubwera anthu, ndinati akubwera apo ndi apo, ambiri akugula zovala zosoka kale m'masitolo. Anagwedeza mutu, n'kuitana achemwali kuti abweretse mpando wina, koma wailesi inali pamwamba ndipo sanamve.