Paipi Imene Inatilambalala

Ndikakumbukira agogo aamuna a ku Simlemba, mphuno zanga zimadzaza ndi utsi wa m'balani yowotchera fodya, ndipo ndimamva nkhwaira zawo zikukwekwereza pabwalo, uku ndi uku, chifukwa munthuyo mpando ankauona ngati uli ndi minga.

Ali mnyamata anakagwira ntchito ku Tanzania, kukumba ngalande ya paipi ya mafuta yochokera kudoko kupita ku Zambia. Paipiyo inadutsa kumpoto osakhudza dziko lathu, ndipo agogo sanaikhululukire. "Akuluakulu akasemphana mawu, paipi imakhota," ankatero pokonza mapaipi a moto m'balani. "Ine ndinakumbira anzanga chitsime."

Ife tinkangoseka, mpaka chaka chimene dizilo anasowa. Fodya wathu anali atamangidwa kale m'mabelo, wachikasu bwino, koma lole yopita naye kumsika sinabwere. Ati inali pamzere kutauni, kudikira matanka a mafuta ochokera kumadoko a eni. Mabelo anakhala m'chisakasa chodontha, mvula ya mawawa ikungonyowetsa udzu, ndipo agogo ankapita kumsewu, kubwerera, kupitanso, khutu lili tcheru. Njinga yamoto ikalira patali, ankathamanga ngati mwana.

"Khalani pansi, a Nyirenda," agogo aakazi anawadzudzula. "Mapazi anuwo ndi amene aitane lole?"

"Ndikhale bwanji, mayi, thukuta langa likuwola ndikuona?"

Lole inafika mochedwa kwambiri. Agogo anang'amba chiguduli cha belo limodzi, kulowetsa dzanja mkati, kununkhiza. Chuku chinali chitalowa mpaka pakati. Ndinayembekeza kuti akalipira dalaivala, koma anangomufunsa mofatsa kuti, "Mafutawa adzera njira iti, mwanawe?" Atayankhidwa anagwedeza mutu, nakalowa m'nyumba. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinawaona atakhala pampando, ndipo ndinachita mantha.

Lero ndimayendetsa lole yonyamula fodya ku Wimbe ndi ku Chisemphere. Dizilo akasowa, anzanga amagona m'magalimoto pamzere, ena amasewera bawo pansi pa mtengo. Ine ndimalephera. Ndimazungulira lole yanga, kufunsa dalaivala aliyense wa tanka ya mafuta kumene wadzera, mtima uli m'mwamba, chifukwa ndikudziwa kuti kumudzi wina kuli nkhalamba imene yaima pamsewu, ndipo lole imene ikudikirayo ndi yanga.