Zimene Ndinaona M'magalasi a Bwana

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi a Filipo, kapitawo wa amtengatenga, amene tinkapemphera nawo. Nkhondo ya Jeremani inali isanayambe. Anandiimitsa potuluka m'tchalitchi nati, "Azungu amanga nyumba pa Phiri la Dedza. Akufuna munthu wosaopa kukhala yekha." Ine n'kuvomera msangamsanga, ngati kukhala wekhako ndinkakudziwa.

Inali nyumba yopumuliramo. Dzuwa likafika poswa mtengo, azungu a ku Lilongwe ndi a kunyanja ankathawa kutentha n'kubwera kudzapitidwa mphepo. Galimoto kunalibe. Ankabwera pa machila, onyamula akuimba, mabokosi ali pamutu. Akakhala pang'ono ankatsika, ndipo miyezi ina yonseyo tinkatsala ine, nkhungu ndi anyani.

Ntchito yake sinali yothyola msana ayi. Ndinkasonkha moto pachumuni tsiku lililonse kuti mabulangete asagwire chinyontho. Galasi la nyali ndinkalikwecha ndi phulusa, madzi akumwa kuwiritsa n'kusefa pansalu, njira yokwera pamwamba kulambula ndi khasu ndi chikwanje. Ndinkapakanso laimu miyala yozungulira bwalo. Miyala imeneyi inali ndi lamulo lake: munthu wa kumudzi asaidutse pokhapokha ataitanidwa.

Chovuta chinali zii. Abale inu, ndinafika poyankhula ndi ketulo! Lamlungu mphepo ikalola ndinkamva belu la kwathu, ine n'kugwada ndekha pakhonde.

Chaka chimenecho amayi anadwala chifuwa. Ana awo ena onse anali atamwalira, wotsala ndinali ine. Nditawazonda anandigwira dzanja nati, "Sindikupempha nsalu. Tsiku langa likadzafika, udzandiponyere dothi ndi dzanja ili." Nditamva kuti matenda akula ndinapempha a Filipo kuti nditsike. Anangoti, "Alendo ali m'njira. Akachoka upita, amayi ako sathawa."

Alendowo anali bwana wina wa boma ndi dona wake. Atafika, m'mawa mwake tinatulukira khomo la kuseri kukwera pansonga pa phiri, ine nditasenza dengu la ketulo, buledi ndi mphasa. Kunja kunali mbee. Nyanja inkaoneka patali, mapiri a kwa Apwitikizi uko, midzi ili mbwee pansi. Anadya, anagona, anajambula mapiri papepala, mpaka dzuwa kupendeka.

Kenaka dona anafuna mayina a midzi. Bwana anandipatsa magalasi ake oonera kutali n'kundisonyeza popotokola. Ine, mwana wa munthu, ndinayamba ndi kwathu.

Ndinaona anthu atandondozana, mtanda uli patsogolo, amuna atanyamula chithatha cha maliro. Mzerewo unkachokera panyumba yoyandikana ndi mkuyu waukulu. Nyumba imeneyo denga lake ndinafolera ndine.

Dona analoza chala, akumwetulira, nafunsa m'Chinyanja chake chopotoka, "Ukwati?"

"Iyayi dona," ndinatero. "Ndi amayi anga."

Ndinaika magalasi pamwala n'kuliyatsa liwiro. Dengu, mphasa, zonse ndinazisiya komweko.

Podutsa panyumba ya azungu ija ndinaona munthu atanjuta kunja kwa miyala yoyera. Anali a Yohane, mkulu wa kwathu amene anatumidwa kudzandiuza zovuta. Milomo inali itauma gwa.

"Ndafika kutangocha, mwana wanga," anatero. "Ndaomba m'manja mpaka manja kuwawa. Ndimaona utsi, ndimati azungu akugona. Nanga miyalayi ndikanaidutsa bwanji?"

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndikanati chiyani? Iwo anachita ulemu umene anaphunzitsidwa. Pamene ankaomba m'manja kumaso kwa nyumba, ine ndinali kutuluka kuseri ndi buledi wa azungu pamutu. Ndipo miyalayo ndinali nditaipaka laimu watsopano dzulo lake, kuti iwale bwino.

Kumanda ndinapeza atakwirira kale, anthu akusamba m'manja. Malume sanandikalipire. Anangoti, "Tinakudikira, mphwanga. Dzuwa ndi limene linatikana." Ndinatapa dothi n'kuliika pamwamba pa mtumbira, koma si zimene amayi anapempha. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Titameta ndinabwerera kuphiri, poti kumudzi kunalibenso wondidikira. Bwana uja anali atasiya mawu opepesa kwa a Filipo, ndipo sanandichotse ntchito. Ndinakhalako zaka zambiri, ndinaona machila akutha, njinga zamoto zikuyamba kukwera. Alendo onse ankayamikira kukongola kwa malowo. Ine pansonga ndinkawaperekeza ndithu, koma magalasi sindinawagwirenso.

Tsiku lomwe ndinabwereralo ndinagubuduza miyala ya mbali yoyang'ana kwathu n'kusiya mpata. A Filipo anauona mpatawo, n'kuusiya momwemo. Kuyambira pamenepo, ndisanasonkhe moto, ndisanatereke ketulo ya mzungu aliyense, ndinkayamba ndazungulira bwalo lonse kuona ngati pali munthu wanjuta kunja.